Loko Wofiira pa Lamba Wachitatu

Tsiku limene anakumana, mtsikanayo anangotsala pang'ono kumuphwanya mutu mnyamatayo ndi sipanala.

Inali fakitale youmba njerwa za simenti, malo a fumbi ndi phokoso, kumene malamba ataliatali amanyamula mchenga pansi n'kukautaya pamwamba. Mtsikanayo ndiye anali makaniko wa malambawo. Aliyense ankamuti Sipanala, chifukwa chitsulocho sichinkachoka m'thumba la ovolosi yake, komanso chifukwa pakamwa pake sipankadutsa ntchentche.

M'mawa umenewo anali atagona chagada pansi pa lamba woyamba, akumasula gudumu louma, pamene anamva kuswichi kukulira: khwe, khwe! Munthu wina ankakoka loko wake.

Anatuluka ngati walumidwa ndi mavu.

"Iwe! Chotsa dzanja lako pamenepo!"

Paswichipo panaima mnyamata wamtali, kope lili m'khwapa, ovolosi yake yatsopano mizere ya m'sitolo isanafufutike.

"Pepani achemwali. Ndinaona lamba waima, ndiye ndimati mwina wina waiwala loko..."

"Waiwala? Ukanayatsa, bwenzi pano akunditola ndi fosholo! Tamvera. Aliyense wolowa m'makina amakoleka loko wake paswichi, kiyi n'kuika m'thumba. Loko akakhala apa, ndiye kuti mwini wake ali mkati. Ndipo amachotsa ndi mwini wake yekha. Osati kapitawo, osati bwana, osati iwe ndi kope lakolo. Wamva?"

"Ndamva."

"Bwereza."

Mnyamatayo anabwereza mawu onse ngati mwana wa sukulu, makutu akumutentha. A Kapitawo, bambo wachikulire wa ndevu za imvi amene ankayang'anira malamba onse, anafika akuseka chikhakhali.

"Usatiphere mlendo, Sipanala. Awa ndi ainjiniya athu a mawa. Achokera kukoleji, akhala nafe miyezi isanu ndi umodzi. Uwapatse loko wawo, uwaphunzitse kukhala ndi moyo."

Sipanala anatenga loko wofiira m'bokosi n'kumuponyera. Mnyamatayo anawakha ndi manja awiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo fakitale yonse inkamuti Injiniya.

Masana, anzake akamapita kukantini, Sipanala ankakonda kukadya yekha kumapeto kwa bwalo, pansi pa lamba wachitatu. Lamba ameneyu anali wakufa. Mota yake inapsa kalekale, ndipo yatsopano ankangoti ikubwera, ikubwera, mpaka mpheta zinamanga zisa m'magudumu. Kumeneko kunali mthunzi, ndipo kunalibe miseche.

Tsiku lachitatu anapeza malo ake atalandidwa. Injiniya anaima moyang'anizana ndi mzati, akuulankhula Chingerezi, thukuta lili kamukamu.

"Mzatiwo wakuyankha chiyani?"

Mnyamatayo anadzidzimuka, mapepala n'kumwazika.

"Ndikuyeserera, achemwali. Kubwera anthu a kampani ina ya kudoko lalikulu, kunja kwa dziko. Akufuna ophunzira atatu okha oti akaphunzire makina onyamula katundu kwa zaka ziwiri. Mayeso olemba ndinakhoza. Atsala a pakamwa, kufotokoza makina ndi masamu m'Chingerezi pamaso pa anthu asanu. Masamu ndimawadziwa. Koma ndikati nditsegule pakamwa, Chingerezi chimathawira m'mimba."

Sipanala anaseka mpaka tiyi kutayikira pansapato. Iye Chingerezi cha makina anachiphunzira m'mabuku akuluakulu amene anabwera ndi malambawo, ndiponso kwa amisiri achilendo amene anadzawamanga, omwe anawanyamulira zida chaka chathunthu. Chingerezi cha maluwamaluwa sankachidziwa, koma dzina la kachitsulo kalikonse ankalitchula osaphethira.

"Tabweretsa kuno mapepalawo."

Anali makhadi makumi awiri, lililonse ndi funso lake. Loyamba linali la kalikulasi, masamu oyeza mmene zinthu zimasinthira. Linkati mchenga ukugwa palamba mosalekeza n'kumapanga mulu wosongoka, ndipo wophunzira afotokoze liwiro limene muluwo ukukwerera.

Injiniya anayamba. Anapunthwa pa liwu lachiwiri, n'kugweratu pa lachisanu.

"Basi, basi, ukuvulaza chilankhulo cha eni ake. Tayang'ana uko." Sipanala analoza mulu wa lamba woyamba. "M'mawa umakwera ngati ukuthamangitsidwa. Pofika masana umaoneka ngati waima, chonsecho mchenga ukugwa chimodzimodzi. Chifukwa chiyani? Wakula tsinde. Mchenga womwewo tsopano ukugawanika ponseponse. Nena zimenezo m'Chingerezi, pang'onopang'ono, ngati ukuuza ine."

Injiniya anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Masamba anayi a masamu mwawanena ndi mpweya umodzi!"

"Iwe umaujambula m'kope, ine ndimautapa ndi fosholo. Yamba."

Ndi mmene zinayambira. Masana aliwonse Sipanala ankakhala pachigubu, nkhope atailimbitsa ngati woyesa mayeso weniweni, n'kumawerenga makhadi. Fotokozani mmene fokolifiti imanyamulira katundu osagwa chafufumimba. Kireni ikamakweza katundu, chingwe chimamva kulemera kotani? Lamba akaterereka pagudumu, mumayamba kuyang'ana pati? Injiniya ankayankha ataimirira, ndipo akalakwitsa ankalandira chilango chosesa pansi pa lamba.

Kodi chikondi chimayamba chapempha chilolezo? Sipanala anangozindikira kuti wayamba kudula buledi wake pawiri asanachoke kunyumba. Anangozindikira kuti akusamba m'manja kawiri lisanalire belu la masana, iye amene ankadya ndi zala za girisi osadandaula. "Achemwali" uja anatha osatsanzika, m'malo mwake munalowa "mphunzitsi wanga," kenako "wapamtima."

Madzulo akakwera basi yobwerera kunyumba, foni inkanjenjemera m'thumba.

"Mphunzitsi wanga, lero ndinalakwitsa dala funso la kireni kuti ndione ukukwinya pamphumi. Umakongola ukapsa mtima."

"Mawa usesa bwalo lonse."

"Ndisesa mpaka kumsewu, bola iwe ukhale pachigubu chija ukundiyang'ana. Duwa langa la m'fumbi."

Duwa la m'fumbi! Sipanala, amene amuna a pafakitale ankamuopa ngati waya wamagetsi, anawerenga mawu amenewo kasanu, mpaka anapitirira siteji yotsikira.

Ankakhala ndi mkulu wake, telala wa maso akuthwa amene ankadziwa muyeso wa munthu pongomuyang'ana. Mkulu wakeyo anamuona akumwetulira foni, n'kuimitsa makina osokera.

"Ndiye mnyamata wa Chingereziyo akakhoza, apita?"

"Apita, asisi. Zaka ziwiri zokha."

"Ndipo ukumuthandiza ndiwe kuti apite? Iwe mutu wako umagwira bwinobwino? Ukumunolera lilime kuti akalankhule ndi ena kutali."

"Ndiye ndimuphunzitse zolakwika kuti alephere? Ine si wotero, asisi."

"Sindinati ndiwe wotero. Ndangofunsa kuti kwawo unafikako? Mayi ake amakudziwa?"

Sipanala anapita kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale.

Khadi la nambala seventini analipeza mwezi wachinayi. Silinali la makina, silinali la masamu. Linkati: tiuzeni za banja lanu, ndipo ndani adzakutsatireni mukakhazikika.

Sipanala analiwerenga mokweza. Injiniya anaimirira bwinobwino, n'kuyankha m'Chingerezi chosalala ngati lamba watsopano. Anati sanakwatire, koma ali ndi bwenzi lomwe adzamange nalo banja, mkazi wakhama ndi wopirira, ndipo adzamutsatira pakatha chaka chimodzi.

Sanapunthwe ngakhale pamodzi. Munthu amene ankagwa pa liwu lachisanu! Wina akanadzifunsa kuti mawu amenewa anasalala liti, ndipo anasalalira kuti. Koma mtima wa Sipanala unali ukugunda ngati makina oumbira njerwa, ndipo m'phokoso lotero munthu samva bwino.

"Ameneyu ndiye ndani?" anafunsa, maso ali pakhadi.

Injiniya anagwada pafupi ndi chigubu, n'kumugwira dzanja.

"Ukufunsanso? Pali winanso amene amandidyetsa buledi wonunkha girisi masana aliwonse? Ndi iwe, wapamtima. Ndi iwe."

Kuyambira tsiku limenelo khadi la seventini linkabwera kawirikawiri kuposa onse. Sipanala ankalibisa pakati pa ena, n'kumalitulutsa ngati mwangozi.

"Bwereza, sunatchule bwino."

"Ndatchula bwino!"

"Woyesa ndine. Bwereza."

Ankatseka maso n'kumamvetsera. Khadilo linafewa m'makona mpaka analimata ndi tepi.

Injiniya anakhoza. Anabwera akuthamanga bwalo lonse, taye ili paphewa, n'kumunyamula Sipanala pamaso pa oyendetsa mafokolifiti onse, omwe analiza mahutala ngati paukwati. Anati funso la mulu wa mchenga linabweradi, ndipo analiyankha ndi mawu a Sipanala omwe aja, mpaka mmodzi wa oyesawo anagwedeza mutu n'kulemba kanthu. Sipanala anaseka, anaomba m'manja, kenako anakalowa m'chipinda cha zida n'kulira osatulutsa mawu. Anali atamutsegulira yekha chitseko chotulukira.

Tsiku lomaliza, ophunzira amayenera kubweza maloko kustolo. Injiniya sanabweze wake. Anamukoka Sipanala mpaka kulamba wachitatu, natsegula kabokosi ka swichi yakufayo, n'kukolekapo loko wofiira uja. Khatya! Kiyi anamumangirira pakachingwe n'kuvala m'khosi.

"Lamulo ndi lako lomwe," anatero. "Loko akakhala apa, mwini wake ali mkati. Ine ndili mkati muno, Sipanala, pansi pa lamba uyu, pamodzi ndi iwe. Kiyi uyu sadzachoka pakhosi panga. Ndidzabwera kudzachotsa ndekha, tsiku lodzakutenga."

"Ukulonjeza?"

"Ndikulonjeza. Chaka chimodzi chokha."

Kubwalo la ndege Sipanala sanapite. Injiniya anati kukadzaza achibale, ndipo sakufuna kuti akaonane koyamba ndi mayi ake m'chipwirikiti chotero. Mkulu wake atamva zimenezo anangoti, "Oho," n'kupitiriza kusoka.

Miyezi yoyamba foni sinkapuma. Zithunzi zinkabwera za makireni aatali kuposa nyumba zosanjikizana, za sitima zodzaza mabokosi achitsulo, za Injiniya atavala chipewa choyera.

"Kuno makina ndi aakulu, koma palibe wondikalipira. Ndakusowa, mphunzitsi wanga."

"Loko wako ali bwino. Ndamupukuta lero."

Ankamupukutadi. Lolemba lililonse ankadontheza mafuta pakabowo ka kiyi kuti dzimbiri lisalowe. Masana ankadya pachigubu chomwe chija, makhadi ali pamwendo, n'kumawerenga mafunso mokweza ngati pali woyankha. Akafika pa seventini ankangoligwira osawerenga. Buledi ankadulabe pawiri, theka linalo n'kudyetsa mpheta, zomwe zinanenepa chaka chimenecho.

Kenako mauthenga anayamba kuchepa. Tsiku lililonse linasanduka sabata iliyonse, sabata inasanduka "ndinatanganidwa, wapamtima." Kuimbirana kunatha, ati ntchito ya kudoko salola mafoni. Sipanala ankalemba uthenga wautali, n'kufufuta, n'kulemba waufupi, n'kufufutanso. Tsiku lina analimba mtima.

"Kodi ndakulakwira? Masiku ano uli zii."

Yankho linabwera patatha masiku awiri.

"Ukukumbukira mulu wa mchenga? Pofika masana umaoneka ngati waima, chonsecho wakula tsinde. Chikondi changa chili choncho. Usataye mtima, duwa langa."

Mawu ake omwe, atamubwerera atavala suti! Sipanala anawawerengera mkulu wake monyadira. Telalayo anadula ulusi ndi mano.

"Mnyamatayo unamuphunzitsadi kulankhula."

Chaka chinakwana. Sipanala anakatenga pasipoti mwakachetechete, n'kuibisa m'bokosi la zida pansi pa masipanala, kumene ankadziwa kuti mkulu wake sangafike. Ankadikira uthenga umodzi wokha, woti konzeka. Mwezi unadutsa, wina n'kudutsanso.

Chimene chinabwera si uthenga, koma lole. Inalowa pageti Lachiwiri m'mawa, itanyamula bokosi lalikulu lamatabwa. Mota ya lamba wachitatu inali itafika.

Fakitale yonse inasangalala kupatula munthu mmodzi. Masiku atatu Sipanala anamanga motayo ndi manja ake, anachotsa zisa za mpheta, anasintha magudumu, ndipo ntchitoyo anaigwira bwino chifukwa sankadziwa kugwira ntchito moipa. Lachisanu a Kapitawo anaima pakabokosi ka swichi, manja ali m'chiuno.

"Sipanala, loko uyu."

"Amachotsa ndi mwini wake, a Kapitawo."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndakhala ndikumuona chaka chonsechi, ndipo sindinanene kanthu. Koma lamba akuyenera kuyenda lero. Lamulo ukulidziwa. Mwini loko akasowa, timamuimbira, atsimikize kuti sali mkati. Kenako munthu amayenda lamba yense akuitana, ndiye timadula, n'kulemba m'buku."

"Tingodikira pang'ono. Mwina abwera..."

"Abwera lero?"

Analowa mu ofesi ya a Kapitawo, kachipinda ka mawindo a fumbi. Sipanala anaimba nambala yakunja ya Injiniya katatu pafoni yake, koma inkangoitana. Ndiye a Kapitawo anatulutsa fomu imene mnyamatayo analemba tsiku loyamba, pamene pali nambala ya munthu woti adziwitsidwe pakagwa ngozi.

"Akhala mayi ake," anatero Sipanala, akukonza kolala ya ovolosi ngati amuona. Mtima unali m'mwamba. Kulankhula ndi apongozi koyamba, pafoni ya kuntchito!

A Kapitawo anaika foni patebulo kuti onse amve. Anayankha mawu a mkazi, koma sanali mawu a munthu wachikulire. Anali mawu achitsikana, ansangala, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka zipi ya sutikesi.

A Kapitawo anadzifotokoza, anatchula dzina la mnyamatayo, n'kufunsa kuti akulankhula ndi ndani.

"Ndine bwenzi lake, bambo. Anandiveka mphete zaka zitatu zapitazo. Mwandipeza mwamwayi, ndikunyamuka Lamlungu kukamupeza. Kwagwanji? Ali bwino, ndalankhula naye m'mawa uno."

M'mawa uno. Munthu amene kudoko samulola foni.

A Kapitawo anatambasula dzanja kuti adule, koma Sipanala anawagwira mkono. Ankafuna kumva mpaka kumapeto.

"Nkhani ndi ya loko," anatero iye mwini, ndipo anadabwa kuti mawu atuluka. "Anasiya loko wofiira pamakina athu."

"Aa, wa kakiyi ka pachingwe? Kali pano! Anandisiyira kubwalo la ndege, ati n'ka kuntchito, kalibenso ntchito. Ndinangokaponya m'kabati. Koma dikirani, kodi ndinu achemwali a malamba aja? Amene munkamuphunzitsa Chingerezi?"

"Ndine."

"Mayo, achemwali, Mulungu akudalitseni! Ankakutchulani kwambiri. Ankati pali mayi wina wovuta pafakitale, koma wamtima wabwino. Madzulo ankabwera kudzandinenera zonse zimene mwamuphunzitsa, ine osamvapo kanthu, kupatula funso lija la banja. Limenelo ndiye tinayeserera limodzi mpaka ndinaliloweza! Pakanapanda inu, sitikanapita. Ndibweretse kiyiyo mawa?"

Mayi wina wovuta. Sipanala anayang'ana zala zake, girisi ali m'zikhadabo.

"Musavutike," anatero. "Tili ndi chodulira. Muyende bwino."

Foni itaduka, a Kapitawo anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuyang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zodabwitsa.

"Pita kunyumba, mwana wanga. Ndituma wina ayende lambayo."

"Lamba ndi wanga. Ndiyenda ndekha."

Anatenga tochi. Anayambira kumunsi, kumene mchenga umalowera, n'kumawerama pansi pa gudumu lililonse monga lamulo limanenera. Oyendetsa mafokolifiti anazimitsa injini zawo. Palibe anawauza kanthu, koma pafakitale nkhani imayenda msanga kuposa lamba.

"Muli munthu mkatimu?"

Mawu ake anamveka bwalo lonse. Palibe anayankha.

Anafika pakati, pamene panali chigubu chija. Pansi pake ndi pamene pankasesedwa ndi munthu amene ankalakwitsa dala. Apa ndi pamene anagwada. Apa ndi pamene ananena kuti ndi iwe, wapamtima, ndi iwe. Kodi pamene ankanena zimenezo ankaona nkhope ya ndani? Ndipo iye, Sipanala, ndi kangati anamulamula kuti abwereze lonjezo la mkazi wina, maso atatseka, akumwetulira ngati chitsiru?

"Muli munthu mkatimu?"

Ulendo uno mawu anathyoka pakati. Misozi inatsika n'kujambula mizere iwiri m'fumbi la kumaso kwake, ndipo sanaipukute. Choipa kwambiri n'chakuti ankamufunabe. Akanatulukira pamenepo ndi kope lake m'khwapa, n'kunena kuti pepani achemwali, mwina akanamukhululukira asanamalize n'komwe kupepesa. Anaima kanthawi, akudikira chinthu chimene ankadziwa kuti kulibe.

Anakwera makwerero mpaka pamwamba, pamene mchenga umagwera. Anaunika ndi tochi ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo.

"Muli munthu mkatimu?"

Mpheta imodzi inauluka. Basi.

Atatsika, a Kapitawo anali ataima paswichi ndi chodulira zitsulo cha mikono italiitali. Sanafunse. Anangomupatsa.

Lokoyo anali wonyezimira, wopanda kadontho ka dzimbiri, wosamalidwa kuposa maloko onse a pafakitale. Sipanala anamuika pakati pa mano a chodulira, anakoka mpweya, n'kufinya ndi mphamvu zake zonse. Thwa! Loko anagwa pasimenti, n'kugubuduzika mpaka paphazi lake.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa.

"Ndaona unandiimbira, wapamtima. Ndinali pakireni. Loko wathu ali bwino?"

Anawerenga kamodzi kokha, n'kuibwezera m'thumba. Anakweza swichi. Lamba wachitatu anatsokomola, ananjenjemera, kenako anayamba kuyenda, ndipo mchenga woyamba unagwa pabwalo loyera.

A Kapitawo anamutsegulira buku la maloko, n'kumupatsa cholembera. Panali mzere wa tsiku, mzere wa nambala ya loko, ndi mzere wautali wolembapo zimene woyendera wapeza. Analemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zikuluzikulu zoti aliyense awerenge.

"Ndayenda lamba yense. Ndaitana katatu. Mkati mulibe munthu."

Anasayina, n'kubweza cholembera.